Mkaka kapena nyama: kusankha mtundu wa mbuzi pa khola laling'ono

Munthu amene ali ndi mbuzi zinayi kapena zisanu pakhomo, akapeza ndalama yapadera, kaya atagulitsa soya kaya atagawana za banki m'khonde, amayamba kulingalira za mtundu wa mbuzi umene angagule kuti khola lake lisinthe. Masiku ano maganizo amenewa akukolezedwa ndi zithunzi zimene zikuzungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp, zoonetsa atonde a Boer a mitu yofiira ndi nganga zotambasuka, komanso mbuzi zoyera za Saanen zimene mabere ake amachita kudzaza pakati pa miyendo. Ine ndimaweta mbuzi zochepa, ndipo ndaona makola ambiri a anzanga, ena akutukuka ena akutha, kotero kuti ndafika pokhulupirira kuti ambirife funsoli timaliyambira kumapeto. Timathamangira dzina la mtundu, pamene tinayenera kuyamba tadziwa chimene mbuziyo idzadye mu Okutobala, munthu amene adzaisamale tsiku ndi tsiku, ndiponso amene adzamwe mkakawo kapena kugula nyamayo.

Ndiyambe ndi mbuzi imene tili nayo kale, chifukwa imanyozedwa mosayenera. Mbuzi yathu ya makolo, imene ena amaitcha yachikuda kapena ya lokolo, ili m'gulu limene akatswiri a ziweto amalitcha Small East African, ndipo mkota wake wokhwima kawirikawiri umalemera makilogalamu pakati pa 25 ndi 30. Ndi yaing'ono, imakula pang'onopang'ono, ndipo mukaikama simudzaza n'komwe botolo la theka la lita patsiku. Komabe ndi mbuzi yomweyi imene imadutsa chilimwe cha ku Nsanje ndi ku Chikwawa ikubudula masamba a mthethe, ikutola nyemba zakugwa za nsangu ndi zotsalira za m'munda, n'kufika mu Disembala ili ndi bere. Imapirira nkhupakupa ndi njoka zam'mimba kuposa mbuzi zobwera, imaswa yokha popanda woithandiza, ndipo imalera ana ake bwino. Sizodabwitsa kuti boma litaganiza zopereka ziweto m'malo mwa feteleza kwa alimi ena a m'chigwa cha Shire pansi pa ndondomeko ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP, chiweto chimene linasankha chinali mbuzi.

Kuwonjezera pa njala, chimene chachepetsa mbuzi yathuyi ndi kagulitsidwe kathu. Pakhomo pakagwa vuto, kaya ndi matenda kaya ndi fizi ya mwana, timagwira tonde wamkulu kuposa onse chifukwa ndiye angabweretse ndalama yooneka, ndipo m'khola mumatsala katonde kofooka kamene kamakwera make ndi alongo ake. Zimenezi zikabwerezedwa kwa zaka zambiri m'mudzi wonse, mbuzi zimanka zicheperachepera, ana amabadwa ofooka, ndiye eni ake amagamula kuti mtunduwo ndi wachabechabe. Akatswiri a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, pamodzi ndi alangizi a boma, anagwira ntchito ndi alimi a ku Mzimba ndi ku Nsanje yotembenuza mchitidwe umenewu: alimi a dera limodzi amasankha atonde aang'ono amene akukula bwino kuposa anzawo, n'kuwasunga kuti akhale a mbewu, ndipo otsalawo amawafula n'kuwanenepetsa kuti akagulitsidwe. Njira imeneyi siifuna ndalama zambiri, ndipo ndikuona kuti aliyense woganiza zogula mtundu wachilendo ayenera kuyamba waidziwa.

Tikamanena za mbuzi za nyama, dzina limene lili pakamwa pa aliyense ndi Boer. Mtundu umenewu unakonzedwa ndi alimi a ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, ndipo bungwe la oweta ake linakhazikitsidwa mu 1959. Tonde wake wokhwima amapitirira makilogalamu 100, mkota umafika pa 80 kapena 90, ndipo ana ake akamadya mokwanira amatha kuwonjezera magalamu 200 kapena kuposerapo tsiku lililonse. Kuchokera ku dziko lomwelo kuli Kalahari Red, yofiira thupi lonse, ndi Savanna, yoyera ubweya koma ya khungu lakuda, ndipo mitundu iwiriyi imatamandidwa chifukwa chopirira dzuwa. Manambala amenewa ndi oona, koma amachokera m'mafamu mmene mbuzi zimapatsidwa msipu wosungidwa, chakudya chowonjezera, katemera ndi mankhwala pa nthawi yake. Mbuzi imadya chakudya chouma chokwana pafupifupi magawo 3 kapena 4 pa 100 aliwonse a kulemera kwake patsiku, kutanthauza kuti tonde mmodzi wa Boer amamaliza chakudya chimene chikanakwanira mbuzi zitatu za makolo. Mukamumangirira pa chingwe m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja, monga timachitira ndi mbuzi zathu poopa kuti zingadye mmera wa anthu, thupi lija limasungunuka m'miyezi iwiri, nthiti n'kuyamba kuwerengeka.

Ubwino waukulu wa mbuzi ya nyama ndi wakuti msika wake sufunafuna. Wa kanyenya pa siteji ya basi amaifuna tsiku lililonse, wa butchala chimodzimodzi, ndipo pa Khirisimasi, pa chaka chatsopano ndi pa Eid ya nsembe mitengo imakwera, makamaka kumene kuli Asilamu ambiri monga ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Balaka. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pa maliro ndi pomanga chiliza mbuzi siisowa, ndipo ngakhale pa bwalo la amfumu mlandu umatha ndi mbuzi. Palibe chimene chimatayidwa, chifukwa mutu, mang'ina, nthumbwana ndi chikopa zonse zili ndi ozifuna. Koma pali chinthu china chimene ogulitsa mbewu za Boer sachitchula kawirikawiri, chimene ndi kagulidwe ka mavenda a m'misika yathu. Venda sabwera ndi sikelo. Amaigwira mbuzi pamsana, kukanikiza zala m'mbali mwa fupa la msana kuti amve mnofu, kuinyamula pang'ono chakumbuyo, kenako n'kutchula mtengo umene unali kale m'mutu mwake asanaione. Komanso wa butchala wa kumudzi, amene alibe filiji, amafuna mbuzi yoti aiphe m'mawa n'kuimaliza dzuwa lisanalowe, kotero kuti mbuzi yaikulu mopitirira imamuopsa ndipo saiikira mtengo wolingana ndi kulemera kwake.

N'chifukwa chake ndimanena kuti ndalama zikuluzikulu zimene timamva za Boer weniweni zimachokera pogulitsa mbewu kwa oweta ena, ndipo imeneyo ndi bizinesi ina yosiyana ndi kugulitsa nyama. Imafuna kulemba mbiri ya mbuzi iliyonse, kusunga magazi osasakanikirana, kukhala ndi dzina lodalirika, ndiponso kupirira pamene mbuzi ya ndalama zambiri yafa usiku umodzi. Munthu wa mikota isanu amene cholinga chake ndi nyama amapindula kwambiri ndi ana a theka, obadwa kwa tonde wa Boer ndi mkota wa makolo, chifukwa amakula msanga kuposa a makolo, amakhala ndi mnofu m'ntchafu ndi pamsana, koma amatengerako kulimba kwa amayi awo, ndipo msinkhu wawo ndi umene msika wa Lachiwiri kapena wa Loweruka umatha kuulipira.

Tiyenera kuvomerezanso kuti ndalama ya mbuzi ya nyama imabwera mwa apo ndi apo. Mbuzi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 150, ndipo mwana wake amafunika miyezi ina 8 mpaka 12 kuti afike pogulitsika, kotero kuti kuchokera tsiku limene tonde wakwera mpaka tsiku limene mwagwira ndalama pamadutsa chaka ndi miyezi ingapo. Mikota ikamadya bwino imatha kuswa katatu pa zaka ziwiri, koma pa khola laling'ono phindu lonse limadalira kuti ana angati apulumuka. Ana obadwa mkati mwa dzinja, m'khola la matope, amafa ndi kutsegula m'mimba, chibayo ndi njoka zam'mimba, ndipo ana awiri akafa pa khola la mikota isanu, phindu la chaka chimenecho limakhala lapita, kaya bambo wawo anali wa mtundu wanji.

Mbuzi ya mkaka ndi nkhani ina, ndipo ndi imene ndikufuna kukhalitsapo chifukwa ndi imene anthu amailakwitsa kwambiri, ena poinyoza ena poikokomeza. Saanen inachokera ku chigwa cha dzina lomwelo m'dziko la Switzerland, ndipo pa mitundu yonse ndi imene imadziwika ndi mkaka wochuluka, malita 3 kapena kuposerapo patsiku kwa miyezi pafupifupi 9 kapena 10 ikamasamalidwa bwino. Toggenburg, yofiirira ndi mizere yoyera kumaso, inachokeranso ku Switzerland, ndipo mkaka wake ndi wocheperapo koma thupi lake ndi lolimbirapo. Alpine inachokera ku mapiri a ku France, pamene Anglo-Nubian, ya makutu aatali olendewera ndi mphuno yokhota, inakonzedwa ku Britain posakaniza mbuzi za kumeneko ndi zochokera ku India ndi kumpoto kwa Africa, n'chifukwa chake imapirira kutentha ndipo mkaka wake uli ndi mafuta ambiri. Zitatu zoyambazo ndi mbuzi za kumalo ozizira. Saanen makamaka, chifukwa cha khungu lake loyera, imapsa ndi dzuwa m'makutu, pamphuno ndi pabere, ndipo kuiweta ku Salima kapena ku Nchalo popanda mthunzi wokwanira ndi kuizunza. Kumapiri a Dedza ndi Ntcheu, ku Thyolo, ku Mulanje ndi m'madera okwera a Mzimba nyengo imaikomera, ngakhale kuti kumenekonso imafuna khola louma losalowa mphepo.

Chimene chimasiyanitsa mbuzi ya mkaka ndi ya nyama, kuposa maonekedwe, ndi ntchito. Mbuzi ya nyama mungathe kuisiyira mwana wa sukulu kwa masiku angapo, koma yokama imafuna munthu m'mawa ndi madzulo, pa nthawi yofanana, Lamulungu ndi tsiku la maliro lomwe. Wokama amadzuka kusanatenthe, kusamba m'manja, kutsuka bere ndi madzi ofunda n'kulipukuta ndi kansalu koyera. Mkaka woyambirira amaukamira m'kapu yapadera kuti aone ngati muli timibulu kapena magazi, chifukwa zimenezo ndizo zizindikiro zoyamba za matenda otupitsa bere. Kenako amatseka nsonga ya bere kumtunda ndi chala chachikulu ndi cholozera, zala zinazo n'kumafinya motsatizana kutsikira pansi, osakoka, mpaka bere litafota. Mbuzi imakhala ikudya madeya pa kathandala kake, ndipo ikazolowera imakwerapo yokha nthawi ikakwana. Mukadumphitsa tsiku, bere limauma gwa, mbuzi imamva ululu, mkaka umatsika, ndipo nthawi zina sumabwereranso mpaka itaswa kachiwiri. Tonde ayenera kukhala kutali ndi pokamira, chifukwa fungo limene anthu amati ndi la mkaka wa mbuzi nthawi zambiri limakhala la tondeyo kapena la ziwiya zosatsuka bwino.

Pamwamba pa ntchitoyi pali vuto la msika. Magulu osonkhanitsa mkaka amene tili nawo ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu, kuzungulira Lilongwe ndi Mzuzu anakhazikitsidwa chifukwa cha mkaka wa ng'ombe, ndipo makampani amene amatumiza magalimoto kumeneko amafuna wa ng'ombe. Amalawi ambiri sanakule akumwa mkaka wa mbuzi, ndipo ena amaunyansidwa asanaulawe n'komwe. M'tauni muli anthu ochepa amene amaufunafuna, makamaka amene mkaka wa ng'ombe umawavuta m'mimba, koma kuti muwapeze, muwafikitsire mkakawo usanasase, ndiponso muchite zimenezi mlungu ndi mlungu, pamafunika filiji, mayendedwe ndi mbuzi zokwanira kuti ina ikauma ina ikhale ikukamidwa. Amene akugula Saanen ali ndi chiyembekezo choti adzagulitsa mkaka ayambe wapeza ogula, awadziwe maina ndi kumene amakhala, asanatulutse ndalama yake.

Ngakhale zili choncho, ine ndimaiikira kumbuyo mbuzi ya mkaka, pa chifukwa chimene sichiwerengedwa m'makwacha. M'dziko muno mwana mmodzi mwa ana atatu aliwonse osakwana zaka zisanu ndi wopinimbira, ndipo m'makomo ambiri a kumudzi mkaka umaoneka pokhapokha kukabwera alendo. Mbuzi ya theka, yobadwa kwa tonde wa Saanen kapena Toggenburg ndi mkota wa makolo, ikamadya bwino imatha kupereka mkaka wofika lita imodzi patsiku, ndipo lita imeneyo ikathiridwa m'phala la ana atatu m'mawa uliwonse kwa miyezi ingapo, kusintha kwake kumaoneka pa matupi awo. Ng'ombe ya mkaka imafuna ndalama zambiri, munda wa nsenjere waukulu ndi mwamuna wamphamvu womweta, pamene mbuzi ziwiri angathe kuzisamala mayi wokalamba amene akulera zidzukulu. Mafuta a mu mkaka wa mbuzi ndi a timadontho ting'onoting'ono, n'chifukwa chake ambiri amaupeza wosavuta kugaya. Pali zinthu ziwiri zimene sindilola kuti zinyalanyazidwe pano. Choyamba, mkakawo uwiritsidwe nthawi zonse, chifukwa wosawiritsa ungathe kufalitsa matenda a brucellosis kuchokera ku chiweto kupita kwa munthu. Chachiwiri, mkaka wa mbuzi sulowa m'malo mwa bere la mayi: khanda liyamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira monga amalangizira a zaumoyo, ndipo ngakhale pambuyo pake mkaka wa mbuzi ukhale wowonjezera pa zakudya zina, popeza uli ndi folate wochepa kwambiri, amene thupi limamufuna popanga magazi.

Chimene chimagamula nkhani yonseyi, pa mitundu iwiri yonse, ndi chakudya cha m'chilimwe. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu umakhala wauma, wataya mphamvu, ndipo malo ambiri amakhala atapsa ndi moto wa osaka mbewa. Mbuzi ya makolo imaonda pang'ono n'kudikira. Ya Boer imasiya kukula, koma mvula ikagwa imabwezeretsa thupi. Ya mkaka ilibe mwayi wodikira, chifukwa thupi lake linapangidwa kuti lizitulutsa mkaka ngakhale pamene chakudya chachepa, kotero kuti imadzidya yokha mpaka kufooka, ndipo ikafooka matenda amaipeza mosavuta. Amene akufuna mbuzi yokama abzale chakudya chake chaka chimodzi asanaigule. Mizere ya mitengo ya gilisidiya, lukina ndi kaliyandira m'malire a munda, nsenjere m'mbali mwa dimba, masamba a nandolo, masangwi a mtedza ndi a soya osungidwa pa thandala pamthunzi asanachite nkhungu, madeya a kuchigayo ndi mchere pang'ono, zimenezi ndizo zimasanduka mkaka. Lukina asakhale chakudya chokhacho, chifukwa akachuluka kwambiri amayoyola ubweya ndi kufooketsa chiweto, choncho asakanizidwe ndi udzu. Madzi nawonso asaiwalidwe, popeza gawo lalikulu la mkaka, pafupifupi 87 pa 100, ndi madzi, ndipo mbuzi yokama imene imamwa kamodzi patsiku ku mjigo wakutali singapereke zimene mwiniwake akuyembekezera.

Pa matenda, mbuzi zobwera zonse zili m'gulu limodzi. Matenda a heartwater, amene amafalitsidwa ndi nkhupakupa za mawangamawanga zija zimene zimakonda kuluma kunsi kwa mchira ndi pakati pa ziboda, amatha kupha Boer kapena Saanen m'masiku ochepa, pamene ya makolo yokulira m'dera lomwelo imayenda bwinobwino. Mbuzi yodwala imatentha thupi, imayenda mokweza miyendo modabwitsa, kenako imagwa n'kumapalasa. Njoka zam'mimba zoyamwa magazi ndizo zimapha mwakachetechete, makamaka nthawi ya dzinja. Njira yozizindikirira ndi yosavuta ndipo woweta aliyense ayenera kuiphunzira: mumatsitsa chikope cham'munsi ndi chala, pamalo owala, n'kuona mtundu wa mkati mwake. Mukakhala mofiira bwino mbuziyo ili ndi magazi okwanira, mukayamba kutuwa yayamba kutha magazi, ndipo mukayera mbee, makamaka ngati pansi pa chibwano patupa, ikufunika mankhwala tsiku lomwelo. Ku South Africa anakonza kakhadi ka mitundu isanu kotchedwa FAMACHA kothandiza pa ntchito imeneyi, ndipo ubwino wake ndi wakuti mumamwetsa mankhwala mbuzi zokhazo zimene zikufunikira, m'malo momwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi mpaka njoka zitazolowera mankhwala ngati albendazole. Kwa woweta mbuzi zokama pali mtengo wina wobisika: mbuzi ikabayidwa kapena kumwetsedwa mankhwala, mkaka wake sumwedwa kwa masiku amene alembedwa pa botolo, ndipo masiku amenewo ana amakhala opanda mkaka ngakhale kuti kukama kumapitirira. Khola la m'mwamba, la mipata pansi yoti ndowe ndi mkodzo zizigwa, limachepetsa njoka, kuwola kwa ziboda ndi chibayo, limatchinjiriza kwa afisi ndi agalu, ndiponso limasonkhanitsa manyowa pamalo amodzi, kotero kuti ine ndimaona kuti ndalama yoyamba iyenera kupita ku khola isanapite ku mtundu uliwonse.

Pa khola laling'ono, tsono, kusankha pakati pa mkaka ndi nyama kwenikweni ndi kusankha tonde. Mikota ikhale ya makolo, yosankhidwa bwino: ya thupi lalitali, ya bere labwino la nsonga ziwiri zofanana, yochokera kwa mayi woswa mapasa ndi kuwalera onse. Tonde ndiye amabweretsa theka la magazi a ana onse a m'kholamo, ndipo kusintha tonde mmodzi n'kotchipa kuposa kusintha mikota isanu. Ana oyamba amakhala a theka. Ana aakazi amenewa akakweredwa ndi tonde wina weniweni wa mtundu womwewo, zidzukulu zimakhala ndi magawo 75 pa 100 a magazi achilendo, ndipo malangizo anga ndi akuti woweta wa kumudzi asapitirire pamenepo, chifukwa kulimba kwa makolo kumanka kuchepa pamene zofuna za mbuziyo zikunka zikula. Tonde wamkulu asaloledwe kukwera msoti umene sunakhwime, chifukwa mwana amakula m'mimba kuposa njira yake ndipo mungataye mayi ndi mwana yemwe. Tondeyo asinthidwe ana ake aakazi asanafike pokweredwa, kutanthauza pasanathe chaka ndi theka, ndipo tiana tatimuna tosafunika pa mbewu tifulidwe tikadali tating'ono.

Apa ndi pamene khola la munthu mmodzi limaperewera. Kugula tonde weniweni chifukwa cha mikota isanu, n'kumusinthanso pakatha chaka ndi theka, n'kokwera mtengo kwambiri, pamene tonde mmodzi wathanzi angathe kukwanira mikota 30 kapena kuposerapo. Kumene mbuzi za mkaka zakhazikika m'maiko oyandikana nafe, zakhazikika kudzera m'magulu. Ku Meru m'dziko la Kenya, bungwe la FARM-Africa linabweretsa Toggenburg m'zaka za m'ma 1990, ndipo alimi anakhazikitsa malo osungira atonde amene ankasinthanitsidwa pakati pa magulu, komanso anaphunzitsa anzawo ena kupereka chithandizo choyamba kwa ziweto. Ku Mgeta, m'mapiri a Uluguru ku Tanzania, mbuzi za mkaka zochokera ku Norway zinafika mu 1988 kudzera ku yunivesite ya Sokoine, ndipo patapita zaka alimi a kumeneko anayamba kupanga yogati pamodzi kuti mkaka wotsala upeze msika. Madera awiri onsewa ndi okwera, a mvula yokwanira, a minda ing'onoing'ono kumene ziweto zimadyetsedwa m'khola, ofanana kwambiri ndi Thyolo kapena Dedza kusiyana ndi Chikwawa. Kwathu kuno ndondomeko zopatsirana mbuzi, zimene wolandira amapereka ana oyamba kwa mnzake, zafalikira m'maboma ambiri, koma kumene gulu silinagwirizane za yemwe adyetse tonde ndi nthawi yomusintha, magazi abwino aja amasungunuka pakangotha mibadwo iwiri kapena itatu ya mbuzi.

Ena amafunsa ngati n'zotheka kupeza zonse ziwiri m'khola limodzi. N'zotheka pang'ono, chifukwa mbuzi ya mkaka nayo imaswa ana aamuna amene mapeto ake ndi mpeni, ngakhale kuti a Saanen amakhala a mafupa ataliatali ndi mnofu wochepa, ndipo mkota wa Boer uli ndi mkaka wokwanira kulera mapasa n'kutsalako kapu ya tiyi, kungoti umauma msanga. Anglo-Nubian ili pakati pa ziwirizi, koma kuno ndi yovuta kuipeza yeniyeni. Chimene sindilimbikitsa ndi kusakaniza Boer ndi Saanen mwachisawawa m'khola la mikota isanu, chifukwa pakatha zaka zitatu simudziwanso kuti mbuzi iti ili ndi magazi ati, ndipo simungathe kusankha yoyenera kusunga.

Kwa munthu amene amagwira ntchito m'tauni ndipo mbuzi zake zimasamalidwa ndi achibale kumudzi, kwa wokhala m'chigwa chotentha, ndiponso kwa amene mbuzi kwa iye ndi nkhokwe yothamangirako pakagwa vuto, ine ndinganene mosazengereza kuti asankhe nyama, ayambe ndi kusankha bwino pakati pa za makolo, kenako abweretse tonde wa Boer wa theka kapena weniweni ngati chakudya chilipo. Aganizirenso za akuba, chifukwa mbuzi yonenepa ndi yofatsa imabeka mosavuta ndipo Disembala akamayandikira makola ambiri amathyoledwa. Kwa banja limene lili ndi ana aang'ono, lokhala kumalo ozizira, lokhala ndi munthu amene amapezeka pakhomo m'mawa ndi madzulo ndiponso mitengo yodyetsa mbuzi imene yakula kale, mikota iwiri yokama ndi yokwanira, ndipo ikweredwe mosiyanitsa miyezi kuti ina ikamapumula miyezi iwiri isanaswe, inzake ikhale ikupereka mkaka.

Pogula, musakhutire ndi chithunzi cha pa foni. Mutu wofiira ndi thupi loyera zimapitirira mpaka kwa mbuzi imene ili ndi magazi ochepa chabe a Boer, ndipo si mbuzi yoyera iliyonse imene ili Saanen. Pitani nokha kukhola kumene mbuziyo inabadwira, mukaone bambo ndi mayi ake, ndipo ngati ndi ya mkaka mufike nthawi yokama kuti muone ndi maso anu mkaka umene mayiyo amatulutsa. Muitsegule pakamwa: mano a kutsogolo ang'onoang'ono okhaokha amasonyeza kuti siinakwane chaka, mano awiri akuluakulu pakati amatuluka ikapitirira chaka pang'ono, ndipo onse asanu ndi atatu akakhala akuluakulu ndiye kuti yafika zaka zinayi kapena kupitirira. Mufunse zimene yakhala ikudya ndi mankhwala amene yalandira, mutenge kalata yoyendetsera chiweto kwa alangizi a ziweto ndi umboni wa amfumu, ndipo mukafika nayo kwanu muiike payokha kwa milungu itatu kapena inayi, mukuiyang'ana m'maso, m'mphuno ndi ndowe zake, isanasakanikirane ndi zinzake.